Khungu la madzi ndi ntchito ya sopo ku Petauke

Wogula sopo pamsika wa ku Petauke amakhala ndi funso limodzi: "Amayi, ameneyu amachita thovu?" Akamva kuti inde, ndalama imatuluka. Ife opanga sopo timangovomera, koma thovu si limene limachotsa litsiro. Ntchito yaikulu ya sopo ndi kufooketsa khungu la madzi kuti alowe m'nsalu, kenako n'kukokolola mafuta.

Khungulo lilipodi. Lezala likaikidwa mofatsa pamadzi a m'mbale limayandama, chonsecho ndi chitsulo. Tizidutswa ta madzi timakokana, ndipo tapamwamba penipeni timangokokedwera pansi ndi m'mbali, n'kukungika ngati chikopa cha ng'oma. N'chifukwa chake dontho limakhala bulunge pa kolala ya shati yamafuta, osalowa mu ulusi. M'mbale muja mukagwera sopo, lezala limamira. Akatswiri amati mphamvu ya khunguli ndi pafupifupi mamiliniyutoni 72 pa mita imodzi, ndipo sopo amaitsitsa kufika cha m'ma 30.

Sopo wanga ndimapanga ndi mafuta a mpendadzuwa wolimidwa konkuno. Paokha amatulutsa mtanda wofewa, wosachedwa kusungunuka, ndiye ndimawasakaniza ndi mafuta a ng'ombe ochokera kubutchala. Kilo imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna magalamu pafupifupi 135 a kositiki soda, ya ng'ombe 140. Soda ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu soda, chifukwa amatentha n'kuthovokera kumaso. Mitanda ikadulidwa imauma pamthunzi masabata 4 mpaka 6. Chidulo cha phulusa la makoko a nthochi, zimene zimadzaza m'mbali mwa Great East Road ku Nyimba, chimapanganso sopo, koma wa phala, poti muli potaziyamu m'malo mwa sodiyamu.

Chimene chimatidanitsa ndi makasitomala ndi madzi. Mijigo ina imatulutsa madzi okhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri, amene amagwira sopo n'kumusandutsa zoyera zoyandama pabeseni. Wochapa amanena kuti sopo ndi wabodza, pamene wadyedwa ndi madzi asanakhudze n'komwe chovala.

Pofuna kudziwa wolakwa, ndimawerenga madontho. Ndimakoka mililita imodzi ya madzi m'sirinji yopanda singano n'kuidontheza pang'onopang'ono. Khungu likakhala lolimba, dontho limakula lisanagwe, ndipo madontho amachepa. Ndikasungunula kachidutswa ka sopo m'madzi amvula, madontho amatuluka ang'onoang'ono, ochuluka pafupifupi kawiri. Kachidutswa kofanana m'madzi a pamjigo kakalephera kufika pamenepo, mlandu ndi wa mjigo.

Kuyeza kotere si kwachibwana. Agnes Pockels wa ku Braunschweig, ku Germany, sanapite ku yunivesite. Ankasamalira makolo ake odwala, ndipo chidwi chake chinayambira pa madzi otsukira mbale. Anapanga kabeseni ka malata, n'kumayeza mphamvu yofunika kuti batani lichoke pamwamba pa madzi. Pockels analembera kalata katswiri wa sayansi Lord Rayleigh, ndipo mu 1891 magazini ya Nature inaisindikiza.

Lero kuli makina otchedwa AFM, amene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber anawapanga mu 1986. Si galasi loonera. Ali ndi kandodo kopyapyala kokhala ndi kasingano kunsonga, ndipo kuwala kwa leza kumagunda pamsana pa kandodoko n'kubwerera pa kachipangizo koona ngati kapindika. Poyeza madzi, kasingano kowonda maulendo mazana kuposa tsitsi kamaviikidwa m'dontho n'kukokedwa. Madzi amakakamira m'mbali mwake n'kukakokera pansi, kandodo kamapindika, kompyuta imalemba mphamvuyo. Ikagawidwa ndi kutalika kwa mzere wozungulira kasingano, nambala ija ya 72 imatuluka. Ndi batani la Pockels lomwe lija, kungoti lachepa kwambiri moti kadontho kosaoneka bwino ndi maso kamakwana, zimene zimathandiza poyeza mankhwala odula kapena madzi osowa.

Makinawo ndi sirinji yanga zimagwirizana pa chinthu chimodzi chimene ochapa ambiri sakhulupirira. Sopo akafika mlingo wina, khungu la madzi silifookanso ngakhale muwonjezere theka la mtanda. Wowonjezerayo amaunjikana timagulu m'kati mwa madzi, kudikira mafuta oti awakute. Pa ovolosi ya makaniko amafunikadi, koma pa chitenje cha fumbi chabe amangothera m'madzi otsukuluzira.

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, ndipo migolo yanga ya madzi amvula imauma. Miyezi imeneyo ndimauza ogula kuti athire kasupuni ka soda wochapira m'beseni, adikire pang'ono kashiamu akhazikike pansi, kenako aike sopo.