Kamba wobiriwira pakona ya sikirini

Ndinafika ku Kapichila Lachiwiri madzulo, msana ukuwawa. Amene munakwerapo basi ya ku Lundazi pa Intercity mukudziwa ulendowu: kunyamuka mu Lusaka kusanache, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke ndi Katete, kufika ku Chipata dzuwa litapendeka, kenaka makilomita ena pafupifupi 180 kulowera kumpoto. M'chikwama munali zovala zochepa, shuga wa agogo, ndi laputopu ya amalume, amene kwathu timawatchula kuti asibweni. Laputopuyo ndinali nditaikonza ine mwini, ndipo ndinali kunyadira.

Asibweni ndi mlembi wa kagulu ka alimi a m'mudzi mwathu. Kaguluka kamabwereketsa mbewu ya nshawa ndi soya mvula isanagwe, ndipo munthu amabweza akakolola. Amene sanabweze chaka chatha salandira chaka chino. Lamulo ndi lomwelo, ndipo aliyense amalidziwa. Maina onse, matumba amene anatengedwa ndi amene anabwezedwa, zonse zili mu pulogalamu yakale imene munthu wina anawapangira kalekale, imene imagwira pa Windows 7 basi. Kompyuta yawo yakale itayamba kufa mu 2022, ine ndinasamutsira zonse mu virtual machine.

Kwa amene simunaigwiritsepo ntchito, virtual machine ndi kompyuta yokhala m'kati mwa kompyuta inzake, monga munthu wa lendi m'nyumba ya mwini. Mwini nyumba ndi Windows yeniyeni ya laputopu. Walendi ndi Windows 7, amene amakhala m'chipinda chake, kubwereka memory ndi purosesa kwa mwini nyumbayo. Pulogalamu imene imamanga chipindacho ndi VirtualBox. Kwa zaka zitatu walendi uyu anakhala bwino ndi Windows 10, popanda mkangano.

Ndiye kunabwera nkhani yoti Windows 10 isiya kulandira zigamba za chitetezo pa 14 Okutobala 2025. Ndinaimbira asibweni kuti anditumizire laputopu ku Lusaka. Inali ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8, memory ya 8 GB ndi SSD, choncho inali yoyenera Windows 11. Ndinakopera mafayilo onse pa hard drive yakunja, ndinafufuta zonse, ndinaika Windows 11 yatsopano, ndinaikanso VirtualBox, ndi kubwezera foda ya virtual machine pamalo pake. Ndinaiyatsa kamodzi, ndinaona chithunzi cha Windows 7 chikutuluka, ndipo ndinaitseka. Sindinatsegule pulogalamu ya maina. Sindinadikire ngakhale mphindi zisanu. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Lachitatu m'mawa asibweni anakhala pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, navala magalasi, natsegula laputopu. Patapita kanthawi anandiitana.

"Iwe, bwera uone. Kambewa kakana kuyenda."

Ndinayang'ana. Wotchi ya Windows 11 inali kuyenda, koma wotchi ya Windows 7 m'kati mwa zenera inali itaima pa 08:14. Ndinadina paliponse, koma zii. Ndinazimitsa virtual machine mokakamiza, ndi kuyatsanso. Inayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza mchenga, inatsegula pulogalamu, kenaka inaumanso.

"Musadandaule, asibweni, ndi kanthu kakang'ono," ndinatero.

Iwo anangovula magalasi. Anandiuza kuti pa Chiweru kuli msonkhano wogawa mbewu, ndipo pali mlandu. Mayi wina wamasiye, amene amuna awo anamwalira chaka chatha nthawi yokolola isanafike, akunena kuti anabweza matumba awiri a nshawa. Kope la msungichuma linanyowa ndi mvula, masamba ena anamatirirana, ndipo dzina lawo silikuoneka. Ena mu komiti akuti sanabweze. Mayiwo ali ndi ana anayi ndi munda umodzi. Akapanda kulandira mbewu mu Novembala, ndiye kuti chaka chonse chapita.

"Umboni uli m'menemo," anatero asibweni, akuloza laputopu ndi chibwano. "Ndinalemba ine ndi dzanja langa. Koma pakamwa pokha sangandikhulupirire, poti amunawo anali mnzanga."

Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndipo ndikupempha kuti nanunso muzichita, chinali kusiya kuzimitsa mokakamiza. Kuzimitsa virtual machine motero n'chimodzimodzi kuzula pulagi ya kompyuta ili m'kati molemba, ndipo fayilo ya maina ikhoza kuwonongeka osabwereranso. Disiki yonse ya walendi ndi fayilo imodzi yaikulu yothera ndi .vdi. Ndinaikopera pa hard drive yakunja, pambali pa ya ku Lusaka ija, ndisanakhudze china chilichonse. Kukoperako kunadya batire, ndipo kunyumba kwa asibweni magetsi ndi a sola, kapanelo kamodzi ndi batire limodzi limene limadyetsanso mafoni a mabanja atatu. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ndili ndi maola ochepa patsiku.

Ndinayamba ndi memory, chifukwa ndi imene aliyense amayamba kuikayikira. Walendi ndinali nditamupatsa 4 GB mwa 8 GB, ndipo Windows 11 payokha imafuna yosachepera 4 GB. Ndinaganiza kuti mwini nyumba akubanika. Ndinatsitsa ya walendi kufika pa 2 GB, imene ndi yokwanira Windows 7 ndi kapulogalamu kamodzi. Inauma. Ndinachepetsa mapurosesa kuchoka pa awiri kufika pa imodzi. Inauma. Ndinazimitsa 3D acceleration mu zoikamo za chithunzi. Inaumabe, ingoti mochedwerako.

Ndinali kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba pa chikuto cha kope la mdzukulu wa asibweni chimene ndasintha ndi mphindi zimene yatenga isanaume. Ukasintha zinthu zitatu pamodzi, ngakhale zitheke sudziwa chimene chachiritsa, ndipo zikaipa sudziwa chobwezera.

Lachinayi ndinakumbukira Guest Additions, timadalaivala timene timaikidwa m'kati mwa walendi kuti kambewa, chithunzi ndi wotchi zigwirizane ndi mwini nyumba. Za m'kati zinali za 2022, pamene VirtualBox yakunja inali yatsopano. Mwayi wake sizifuna intaneti, zimabwera pamodzi ndi VirtualBox, umangopita pa Devices ndi kulowetsa CD yake. Kawiri makina anauma ndili pakati poika. Kachitatu zinatheka. Ndinauza asibweni kuti basi zatha. Patapita mphindi khumi ndi ziwiri, wotchi inaimanso.

Madzulo amenewo mayi aja anabwera kunyumba. Anagwada chapatali, napatsa moni agogo m'Chitumbuka, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Adada, ndamva kuti makina adwala. Kodi achira?"

Anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri, koma anandiitana adada. Ndinayankha kuti, "Tikuyesa, amama." Sananene zambiri. Anasiya kambale ka nshawa zokazinga pamphasa, natsanzika. Nshawazo sindinathe kudya usiku umenewo.

Mu Lusaka vuto ngati ili ndikanalithetsa ndi intaneti mu ola limodzi. Ku mudzi netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo bandulo yanga inali kutha. Choncho ndinachita chimene ndinayenera kuchita poyamba: kuwerenga zimene makina enieniwo akunena. VirtualBox imalemba zonse zochitika mu fayilo yotchedwa VBox.log. Ndi mizere yambirimbiri yosasangalatsa, koma pakati pake ndinapeza mzere wonena kuti VT-x is not available, ndi wina wonena za snail execution mode. Nkhono! Ndipo nditayang'anitsitsa pansi pa zenera, kudzanja lamanja, pamene kale panali kachizindikiro ka chilembo V, panali kamba wamng'ono wobiriwira. Anali pamenepo kuyambira Lachitatu. Ine ndinali kumuona ngati chokongoletsa.

Ndinakwera pachulu, ndinawerenga kwa mphindi makumi awiri, ndipo nkhani inamveka. VT-x ndi mbali ya purosesa ya Intel imene imalola virtual machine kuthamanga pafupifupi ngati kompyuta yeniyeni. Koma woigwira mwachindunji amakhala mmodzi. Windows ili ndi woyang'anira makina oterewa wakewake, Hyper-V, ndipo akadzuka iyeyo amatenga VT-x kompyuta ikangoyaka. Zikatero VirtualBox siyankhulanso ndi purosesa maso ndi maso. Imakhala ngati munthu wa mlandu kwa mfumu, amene mawu ake onse ayenera kudzera mwa nduna, yankho n'kubwereranso mwa nduna yomweyo. Mawu amafika ndithu, koma mochedwa, ndipo walendi wokalamba ngati Windows 7 nthawi zina amangoima.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti pa mndandanda wa Windows features, bokosi la Hyper-V linalibe chizindikiro. Ndinali nditayang'anapo kale Lachitatu, n'kunena kuti si iyeyu. Koma nditalemba msinfo32 ndi kutsikira pansi, panalembedwa kuti hypervisor yapezeka, ndipo Virtualization-based security ikuyenda. Woidzutsa anali Memory integrity, chitetezo chimene Windows 11 imayatsa yokha ukaiika mwatsopano pa makina oyenera. Ntchito yake ndi kutsekera mtima wa Windows m'chipinda chapadera kuti dalaivala woipa kapena vairasi asaufike, ndipo chipindacho chimamangidwa ndi Hyper-V yemweyo. Palibe chinali chowonongeka. Mapulogalamu onse awiri anali kuchita ntchito imene anapangidwira, ine ndi amene ndinawaika m'nyumba imodzi osafunsa ngati agwirizana.

Lachisanu m'mawa, batire litadzaza, ndinalowa mu Windows Security, Device security, Core isolation, ndi kuzimitsa Memory integrity. Ndinaonetsetsa kuti Virtual Machine Platform ndi Windows Hypervisor Platform nazonso zilibe chizindikiro. Ndinachita Restart. Kamba analipobe. Ndinatsegula Command Prompt ngati administrator, ndi kulemba bcdedit /set hypervisorlaunchtype off, kenaka Restart kachiwiri. Dziwani kuti ndi Restart, osati Shut down, chifukwa Shut down ya masiku ano imasunga zina za mtima wa Windows kuti iyake msanga. Nditayatsa walendi, kamba anali atachoka, V atabwerera. Ndinakhala ola lathunthu ndikuyang'ana wotchi ija ikusintha mphindi ndi mphindi, osakhulupirira.

Koma musathamangire kuzimitsa chitetezo chanu chifukwa mwawerenga izi. Chimene ndinachotsa ndi loko weniweni. Laputopu ya asibweni imalowetsedwa maflashi a aphunzitsi, a ana asukulu, a aliyense wofuna kusindikiza kalata ku boma. Windows 7 nayo inasiya kulandira zigamba pa 14 Januwale 2020, n'chifukwa chake walendiyo ndinamudulira intaneti kuyambira pachiyambi. Ndinatsegula chitseko chifukwa ndinali ndi tsiku limodzi ndi mlandu wa munthu, ndipo ndinadziwa kuti ndiyenera kuchitsekanso.

Tinafufuza dzina la mayi aja. Panalibe. Mtima unandigunda, ndipo asibweni anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Lemba la amuna awo." Linatuluka. Matumba awiri otengedwa mu Novembala, matumba awiri obwezedwa mu Juni, patapita miyezi iwiri mwini dzinalo ataikidwa m'manda. Mayiwo anakolola okha, ananyamula okha, nabweza ngongole pa dzina la malemu. Komiti inali kufuna dzina lolakwika m'kope lonyowa.

Masana onse a Lachisanu ndinawathera ndikutulutsa maina onse mu pulogalamu yakale ija kupita mu spreadsheet wamba, imene imatseguka pa kompyuta iliyonse ngakhale pa foni. Ndinasunga pa flashi, pa hard drive, ndi pa foni ya asibweni. Mnyamata wa njinga yamoto anapita nayo flashi ku boma la Lundazi, nabwera ndi mapepala osindikiza, amene tinawaika m'pulasitiki. Nditatha zonsezi ndinabwezera hypervisorlaunchtype pa auto, ndinayatsanso Memory integrity, ndipo kamba anabwerera pakona pake. Walendi akadali m'chipinda chake ngati tidzafuna kuona zakale, koma kagulu sikadaliranso iyeyo.

Pa Chiweru sindinalankhule pamsonkhano, si malo anga. Asibweni anawerenga mzerewo papepala, napereka kwa wapampando, wapampando napereka kwa msungichuma. Dzina linasinthidwa pamaso pa onse, la malemu linachotsedwa, la mayiwo linalembedwa. Iwo anaomba m'manja katatu, nati yewo, nanyamula thumba lawo pamutu.

Pobwerera, basi itadutsa Katete, asibweni anandiimbira. Anati spreadsheet ija akuitha, koma akufuna kudziwa mmene angawonjezere mzere wa munthu watsopano popanda kufufuta wa mnzake. Tinakambirana mpaka netiweki inaduka m'mapiri a ku Luangwa, ndipo ndinawalonjeza kuti ndiwaimbira ndikafika mu Lusaka.