Seva ya malume ndi batire ya pakhomo

Ntchito yosamalira maseva munthu saidziwa powerenga chabe. Amaidziwa akaononga n'kukonza yekha, ndipo popeza palibe bwana amene angalole kuti makina a kampani akhale ophunzirirapo, ambiri amadzimangira kalabu kakang'ono pakhomo. Chimene chimapeputsa ntchitoyi ndi virtualization, luso logawa kompyuta imodzi kuti iyendetse makompyuta angapo ongoyerekeza nthawi imodzi: ina ya Windows Server, ina ya Ubuntu, ina yolondera netiweki. Imodzi ikafa, mwini wake amaifufuta n'kuyambanso popanda kutaya ngwee.

Mtsikana wina wa ku Chipata, amene amakonza makompyuta mu ofesi ina ku Lusaka, anafuna labu yotere m'chaka cha 2024 kuti akonzekere mayeso omukweza pantchito. Malume ake a ku Johannesburg atamva, anasangalala kwambiri. Kumene ankagwira ntchito ankachotsa maseva akale, ndipo iwo anamupezera Dell PowerEdge R720 kuti amutumizire pa basi.

Pa zonse zimene akatswiri amalangiza, makinawo analibe banga. Purosesa yoyenera ntchito imeneyi iyenera kukhala ndi Intel VT-x kapena AMD-V, maluso amene anafika pamsika mu 2005 ndi 2006. Wofuna kupatsa kompyuta yongoyerekeza chipangizo chenicheni, monga khadi ya netiweki, amafunanso VT-d kapena AMD-Vi. R720 ili ndi za Intel zonsezi, malo a mapurosesa awiri a Xeon, mipata 24 ya RAM ya mtundu wa ECC imene imadzikonzera zolakwika zing'onozing'ono, ndiponso iDRAC yoti munthu n'kuiyatsa ali kutali.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Seva yotere anaipangira chipinda chozizira cha kampani, kumene magetsi sathima ndipo phokoso la mafani silisowetsa munthu tulo. Mtsikanayu ankachita lendi chipinda chimodzi, khoma lake logawana ndi banja la mwana wakhanda. Chaka chimenecho chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo magetsi ankathima kwa maola ambiri tsiku lililonse.

Iye anatenga pepala n'kuwerengera. Makina odya mawati 120 akayaka usana ndi usiku amamaliza mayuniti opitirira 86 pa mwezi, pamene odya mawati 12 safika ngakhale pa mayuniti 9. Batire yake inali ya 12V, 100Ah, ya mtundu umene suyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Theka limenelo likanagwira seva yaikulu kwa maola asanu okha, inveta isanadyepo gawo lake. Ndipo seva ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba pa disiki, makompyuta onse ongoyerekeza amene ili nawo akhoza kuonongeka limodzi.

Choncho maso ake anatembenukira ku timakompyuta ta mu ofesi togwirako kale ntchito, monga Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro ndi HP EliteDesk Mini, tokwana m'chikwama cha m'manja. Kamene anasankha kanali ndi purosesa ya Core i5-8500T ya makori asanu ndi imodzi, yodziwa VT-x ndi VT-d. Asanapereke ndalama, anapempha wogulitsa kuti alowe naye mu BIOS, chifukwa nthawi zina luso limeneli limakhala lotseka ngakhale purosesa ili nalo. Atayatsa Linux, anafufuza mawu akuti vmx m'fayilo ya /proc/cpuinfo, chizindikiro chimene pa AMD chimakhala svm. Anadziwanso zimene akutaya: ECC palibe, iDRAC palibe, ndipo polowetsa waya wa netiweki ndi pamodzi pokha. Pa labu yophunzirirapo, zimenezi anaona kuti angapirire. Chimene sakanapirira ndi kuchepa kwa RAM, pakuti makompyuta ongoyerekeza amabwerekana purosesa mosavuta koma iliyonse imafuna gawo lakelake la RAM.

Chovuta kuposa masamu chinali kuyankha malume. Kukana mphatso ya munthu wamkulu, amene anali atapempha kale kwa abwana ake ndi kufunsa mtengo wa katundu pa basi, si nkhani ya mawati. Anadikira Lamlungu madzulo n'kuwaimbira foni.

"Malume, ndathokoza kwambiri pondikumbukira. Koma makina amenewo nyumba yanga singawadyetse. Akafika kuno adzangokhala pansi pa bedi, ndipo ine ndidzachita manyazi mukadzandifunsa. Ngati kungatheke, mundithandize ndi RAM iwiri ya DDR4 ya pa laputopu, ya 16GB iliyonse."

Malume anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati tinthu tokwana mu envulopu tingapose chitsulo chonse chija. Iye anawawerengera masamu a batire aja mwaulemu, mmodzimmodzi. Iwo anaseka n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo wakula.

RAM inafika ndi munthu wa kumudzi kwawo amene ankabwerera pa tchuthi. Mtsikanayo anaika Proxmox VE, pulogalamu yaulere yomangidwa pa Debian, n'kuyamba ndi makompyuta ongoyerekeza anayi. Magetsi akathima, iye amazimitsa wailesi yakanema kuti batire ipume, koma kabokosi kaja kamangoyakabe pa shelefu, ndipo mwana wa aneba sadzidzimuka.