Mau a pa Mlandu wa Mpunga Wanga

Ine ndimalima mpunga m'dambo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Caka cina ng'ombe za munthu wina wolemera zinalowa m'munda mwanga usiku. Zinadya mpunga wonse.

Ndinakasuma ku bwalo la milandu la m'mudzi. Mlembi analemba liu la Cipwitikizi lakuti "dano". Anati dano ndico cinthu coonongeka. Mlamu wanga wa ku Nayuchi, ku Malawi, anati m'Cingelezi amati "damage". Ndinaseka pang'ono, pakuti liu limenelo ine ndinali kulimva pa mlandu wa mimba pokha.

Mau awiriwo amawerenga matumba okha. Koma mwini ng'ombe uja ndinamcenjeza kawiri, iye nandiyankha kuti, "Kanene kumene ufuna." Cimeneci cinandiwawa koposa njala.

Ku sukulu ya akulu ndinafunsa aphunzitsi. Anandilembera pa bolodi liu lina: "abuso", ndiko kuvutitsa mnzako podalira mphamvu kapena cuma cako. M'Cingelezi amati "abuse".

Ndinabwerera kwa mlembi.

"Bambo, lembaninso abuso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, natenga colembera. Atatha, ndinapempha pepala lija, ndipo ndinaliwerenga ndekha.