Mizele itatu cabe

Malaiti atapita ku Kanyama usiku uja, laputopu inatsala na moto wa ola limodzi. N'nali n'tapeza colakwika mu pulogalamu ina yaulele, ndipo n'nacikonza na mizele itatu cabe. Koma eni ake salandila zokonza pa GitHub. Amafuna imelo, monga mmene opanga Linux amacitila mpaka lelo.

N'nanyinyilika. Pa GitHub ungodina batani, anzako aona, kwatha. Apa n'nafunika kuphunzila git send-email. Kalata yanga yoyamba inabwezedwa cifukwa n'naituma na HTML, yokongoletsa monga yofunsila nchito.

Bundle nayo inali pafupi kutha. Mapeji a pa intaneti amadya, imelo imangonyambita. N'nakopela makambilano awo mu laputopu, n'kumawelenga mumdima popanda netiweki.

Patapita masiku anayi, munthu amene sin'namuonepo anayankha pansi pa mzele uliwonse. Anati waciŵili udzaononga zina. Sananame. Cinanibaba n'cakuti yankho inapita kwa onse olembetsa, dzina langa lili pamwamba.

Mng'ono wanga atayamba kuphunzila, n'namutsegulila GitHub. Ine nikali kutuma pa imelo.