Khadi ya agogo

Chaka chimene ndinali mu Giredi 9, kwathu ku Kapichila ine ndiye ndinali wowerenga makalata. Kapepala kalikonse ka Chizungu kakafika pakhomo, ankaitana ine. Ndinkadzimva ndithu.

Tsiku lina ndinaperekeza agogo kuchipatala ku boma la Lundazi. Anawapeza ndi BP. Mzere unali wautali, ndiye adokotala anangolemba kuseri kwa khadi mizere itatu: She must take one tablet every day. She should eat less salt. She doesn't have to come every week.

Mzere woyamba sunandivute. Must ndi lamulo, palibe kukambirana. Ndinawauza m'Chitumbuka chathu kuti piritsi limodzi tsiku lililonse, osadumphitsa. Wachiwiri nawonso ndinaumva. Should ndi langizo, ngati mmene amalume amakuuzira kuti ndi bwino uzigona msanga. Agogo anangoseka, nati ndiwo zopanda mchere ndi za odwala.

Pa mzere wachitatu ndi pamene ndinagwa. Kusukulu tinaphunzira kuti must ndi have to ndi pachibale. Ndiye m'mutu mwanga ndinati, ngati awiriwa ali pachibale, mustn't ndi doesn't have to nawonso ndi amodzi. Ndinawauza molimba mtima kuti, "Agogo, akuti musabwerenso." Iwo anakondwa, poti ndalama ya galimoto yopita ku boma si yotola.

Mapiritsi anali a mwezi umodzi. Atatha, palibe amene anaganiza zokatenga ena. Mu Januwale, tikupalira chimanga, agogo anagwa pakati pa mizere, khasu lili m'manja. Tinawanyamula pa ngolo.

Namwino ataona khadi ija anandifunsa chifukwa chimene sitinabwerere. Ndinamusonyeza mzere wachitatu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndalondola. Sanandikalipire. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti mustn't amaletsa, pamene doesn't have to amangomasula munthu: safunika kubwera sabata iliyonse, koma kubwera azibwerabe, mapiritsi asanathe. Chinyanja chathu nachonso chimatipusitsa apa, chifukwa "sayenera kubwera" munthu angakumve konsekonse.

Kumapeto kwa chakacho, pokonzekera mayeso a ECZ, anzanga ankaloweza mawu amenewa ngati nyimbo kuti apeze mamalikisi. Ine ndikaona doesn't have to papepala, ndinkaona ngolo ija.

Agogo alipo mpaka lero, ngakhale dzanja lamanzere silinabwererenso mwakale. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa akanandikalipira. Kalata ikabwera amandiitanabe ine. Amangoti, "Werenga kawiri, iwe wa Chizungu." Za mchere zija anakana mpaka pano. Amati ndinawauza ndekha kuti linali langizo chabe.