Ku Malindi: kodi magazi adzatiuza za khansa ya m'kamwa?

Ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi n'kulowera msewu wa ku Makanjira, nyanja ili kumanzere, mapiri kumanja, mpaka ndinatsika pa Malindi.

Pagombe asodzi ankasoka chilimira, usipa uli mbee pathandala. Ena anali ndi ndudu pakamwa, ena akupichira chingambwe pakapepala. Mayi wina wogula nsomba anatsegula kabotolo, n'kutapa fodya wopera, n'kumufinyira kuseri kwa mlomo. Pamene pamakhala fodyayo, komanso m'mbali mwa lilime ndi pansi pake, ndi pomwe khansa ya m'kamwa imakonda kuyambira. Fodya akakumana ndi kachasu, chiopsezo chimakula kwambiri.

Kuchoka apo ndinafika pa St Martin's, chipatala cha mpingo wa Anglican. Odwala anali pamzere, mabuku a kuchipatala ali m'manja. Woganiziridwa malungo amamubaya pachala, kadontho ka magazi n'kugwera pa kachipangizo, ndipo pakapita mphindi zochepa yankho latuluka.

Asayansi akufuna kuti khansa ya m'kamwa nayonso izipezeka m'magazi isanakule. Akudalira microRNA, tizidutswa ting'onoting'ono ta m'maselo timene timachepetsa kapangidwe ka mapuloteni ena m'thupi. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun anatitulukira m'kanyongolotsi mu 1993, ndipo mu 2024 analandira mphoto ya Nobel. Mu 2008 zinadziwika kuti timayenda m'magazi osawonongeka msanga. Maselo a khansa amasokoneza kuchuluka kwa tizidutswati: mwa odwala khansa ya m'kamwa, miR-21 ndi miR-31 zapezeka zitakwera.

Koma miR-21 imakweranso pa khansa zina ndi matenda ena otupitsa, choncho payokha siingaloze kuti vuto lili m'kamwa. Kuyezako kumafunanso makina a PCR ndi akatswiri. N'chifukwa chake ngakhale kumayiko olemera njirayi ikadali pa kafukufuku.

Chomwe chilipo lero ndi tochi, magolovesi ndi diso la wachipatala. Iye amakweza lilime, kuyang'ana m'masaya, n'kupapasa m'khosi ngati muli chotupa. Akakayikira amatumiza wodwala kuchipatala chachikulu, komwe amadula kanyama n'kukayeza, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Malawi anayamba kuphunzitsa yekha madokotala a mano mu 2019, kotero maso oterewa akadali ochepa.

Khansayi poyamba kawirikawiri siipweteka, ndipo munthu amati ndi chilonda wamba, n'kumachukucha ndi madzi amchere mpaka kumeza kutavuta. Mu 2022 inagwira anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse. Inu a kunyanja, musadikire za microRNA. Chilonda cha m'kamwa, banga loyera kapena lofiira likatha masabata atatu osapola, pitani mukapimitse, ndipo fodya ndi kachasu muzisiye.