Mfuti Yobisika M'thumba la Mphunzitsi

Ku dziko la Amereka kuli lamulo lina limene landizunguza mutu chiyambire pamene tinalikamba m'kagulu kathu ka mtsutso, ndipo ndati ndililembe muno kuti anzanga amene sanalipo alimve, nawonso aphunzitsi athu atiuze maganizo awo.

M'chaka cha 1990 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaika lamulo lotchedwa Gun-Free School Zones Act. Lamulolo likuti munthu asapezeke ndi mfuti pasukulu, ngakhale pamalo alionse osapitirira mapazi 1,000 kuchokera kumalire a sukuluyo, ndiwo mtunda wonga mabwalo a mpira atatu ondondozana. Wina pakumva chotere adzati ana a kumeneko ali pabwino ndithu. Komatu m'kati mwa lamulo lomwelo anasiyamo khomo: munthu amene ali ndi chiphaso chonyamulira mfuti, chochokera ku boma la chigawo chimene muli sukuluyo, lamuloli silimgwira. Tsono popeza zigawo za Amereka zilipo 50, ndipo chilichonse chili ndi malamulo akeake, chinthu chimene chili mlandu waukulu m'chigawo china chimakhala chololedwa ukangooloka malire.

Lamuloli linagwedezekapo chifukwa cha mnyamata wa msinkhu wathu. M'chaka cha 1992 Alfonso Lopez, wa kalasi lomaliza la sekondale mumzinda wa San Antonio ku Texas, anafika kusukulu atabisa kamfuti ndi zipolopolo zisanu. Mlandu wake unakwera kufikira ku Bwalo Lalikulu la dziko lonse, ndipo m'chaka cha 1995 oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti nyumba ya malamulo inapyola malire a mphamvu zake poika lamulo lija. Aphungu analikonzanso mu 1996, ndipo lilipobe. Chimene chinandidabwitsa ine ndi ichi, kuti mkangano wa oweruzawo unali wakuti mwini mphamvu ndani, boma lalikulu kapena zigawo; za mwana wokhala pa desiki zinangodzera m'mbali.

Kotero lero ku chigawo cha Utah mphunzitsi amene ali ndi chiphaso akhoza kulowa m'kalasi mfuti ili m'chiuno kunsi kwa malaya, ndipo lamulo silimkakamiza kuuza ngakhale mphunzitsi wamkulu. Ku Tennessee anavomera zofanana nazo mu 2024, koma anaumitsako: mphunzitsiyo ayambe waphunzira maola 40, ndipo avomerezedwe ndi mphunzitsi wamkulu, mkulu wa masukulu a m'deralo ndi mkulu wa apolisi. Koma makolo saloledwa kudziwa kuti mwa aphunzitsi a ana awo wanyamula ndani.

Tisafulumire kuwaseka anthu amenewa, pakuti chimene anaona nchowawa zedi. Mu 2022, m'tauni ya Uvalde ku Texas, mnyamata wa zaka 18 analowa m'sukulu ya ana aang'ono napha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Apolisi anasonkhana 376, koma panapita mphindi 77 asanalowe m'chipinda chimene munali wakuphayo. Kholo limene linaima kunja tsiku limenelo, likati mphunzitsi akhale ndi chodzitetezera, ine ndilibe pakamwa polidzudzula. Ndiponso alipo masukulu a kumidzi amene ali kutali ndi polisi, ndipo kumeneko mawu amenewa amveka bwino.

Ngakhale zili tero, mtima wanga ukana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu woipa akalowa m'kalasi amakhala pakati pa ana, ana akuthamanga uku ndi uko, kukuwa kuli ponseponse. Ngati apolisi, amene ntchito yawo ndi yomweyo, anazengereza, nanga munthu amene anazolowera choko, wongophunzira maola 40, adzalasa khoswe osaswa mkhate? Ndipo tsiku loopsalo mwina silidzafika konse, koma mfutiyo idzakhala ikubwera m'kalasi m'mawa uliwonse, chaka ndi chaka. Ku Utah komweko mu 2014 mfuti ya mphunzitsi wina wamkazi inalira mwangozi ali m'chimbudzi cha pasukulu, nimvulaza mwendo. Mwayi wake panalibe mwana pafupi.

Chimene chindivuta koposa ndi kubisako. Inu aphunzitsi athu, mundikhululukire, koma ife ogonera pasukulu tidziwa kuti pano palibe chinthu chimene chibisika sabata yathunthu. Tidziwa thumba limene abambo oyang'anira zogona amasungamo makiyi. Tidziwa mphunzitsi amene wagula nsapato zatsopano asanafike nazo pa mzere wa m'mawa. Kodi ana a ku Utah ali ndi maso ochepa kuposa athu? Iai. Adzaona kutupa kwa malaya, adzanong'onezana usiku, ndipo woyamba kudziwa adzakhala mnyamata uja wosamva, amene sayenera kudziwa. Pomwepo kholo lili kunyumba losadziwa kanthu.

Taganizaninso za tsiku limene mphunzitsi wakwiya, monga amakwiya munthu aliyense tikamputa. Ife timawerama, timalandira chilango, mawa lake tapita kukamfunsa samu imene yatikanika. Sindikhulupirira kuti ndikanapita ndi kope langa kwa munthu amene dzulo anandikalipira dzanja lake lili pafupi ndi lamba, ngakhale ndidziwe kuti ndi munthu wabwino wosandichita choipa.

Ku Tennessee lamulo lija litangovomerezedwa, akulu a masukulu a mumzinda wa Nashville ananena poyera kuti sadzalola mphunzitsi wawo aliyense kunyamula mfuti. Ndi mumzinda womwewo mmene ana atatu ndi akulu atatu anaphedwa pasukulu ya Covenant mu March 2023.